Tebulo, thebulo kapena tafula? Kope la agogo landizunguza mutu

Kalipentala_waNdix

Moni nonse, akuluakulu ndi anzanga. Ine ndimakhoma mipando ndi matebulo kuno ku Ndirande, ntchito yomwe ndinaipeza pakhomo. Sabata yatha ndinaitana mnyamata wolemba zikwangwani kuti andilembere pakhoma la shedi yanga, tinagwirizana mtengo bwinobwino, ine nkukwera minibasi kupita ku Limbe kukagula vanishi ndi misomali, pobwera ndapeza walemba kale zilembo zikuluzikulu zofiira kuti TIMAKHOMA THEBULO, MIPANDO, KABATI NDI BEDI. Ndamufunsa kuti aise h ameneyu wachokera kuti, iye akuti ndi mmene amatchulira mayi ake ndipo sasintha pokhapokha ndimuwonjezere ndalama ya penti. Penti wake ndi wa oyilo, sachoka ndi madzi.

Ndiye ndili mkati modandaula ndinakumbukira kope la malemu agogo anga aamuna lomwe tinalipeza m'sutikesi yachitsulo chaka chatha tikukonza denga kwa mayi ku Chilomoni. Agogowo analinso kalipentala, anapitako ku Joni pa Wenela, kampani ija yotenga anthu kupita kumigodi, ali mnyamata nkubwerako ndi sowo ndi puleni, ndipo m'kopemo amalembamo maoda a anthu ndi ngongole, mitengo yake ili m'masheleni kusonyeza kuti ndi kale kwacha isanabwere. Ndatsegula kuti agogo andiweruzire mlandu, koma m'malo mwake andisokoneza kwambiri. Tsamba lina alemba tafula, lina tebulu, lina thebulo ngati mnyamata uja, ndiye pali pena alemba kuti gome la ku calici, popanda h pa calici. Kabati alemba kabadi. Bedi mulibemo ngakhale kamodzi, ponse alemba kama, kama wa zingwe, kama wa mlombwa.

Funso langa ndi lakuti kodi agogowa samadziwa kulemba, kapena kale zimalembedwa choncho? Nanga cholondola nchiti lero, tebulo kapena thebulo? Ndisanawononge ndalama pa penti wina ndithandizeni.

Aphunzitsi_Opuma

Mwana wanga, choyamba usawanyoze agogo akowo, amalemba bwino kuposa ana ambiri omwe ndawachongera makope zaka 30 zomwe ndinagwira choko. Calici uja si kulakwitsa. Nthawi imeneyo liwu lomwe ife timalemba ch linkalembedwa ndi c yekha. Pita kwa gogo aliyense wa mvano amene akusungabe Buku Lopatulika lakale lija, lomwe linatuluka koyamba lathunthu mu 1922, ukatsegule, upeza cifukwa, Macitidwe, Cibvumbulutso. Waona bv ameneyo? Nayenso tinamutaya, pamodzi ndi pf wa mu pfuko. Anzathu a ku Zambia mpaka lero ambiri amalembabe Cinyanja. Kuno zinthu zinasintha Chinyanja chitatchedwa Chichewa mu 1968, kenako kunabwera Chichewa Board mu 1972 yomwe inatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, nkudzawakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Ndiye munthu amene anaphunzira ku mishoni zimenezi zisanachitike sangalembe ngati iwe. Ngakhale maina a malo, Thyolo ankalembedwa Cholo, Mulanje anali Mlanje, Ntcheu anali Ncheu, Nkhotakota azungu ankangoti Kota Kota.

Tsopano za h wako uja. Ine pa mayeso ndikanachonga tebulo, ndi mmene mabuku ambiri a sukulu amalembera, koma sindinganene kuti mnyamatayo wapenga ayi. Tamvetsera. Timati thumba limodzi, matumba ambiri. Phiri, mapiri. Khasu, makasu. Thabwa lomwe ukulipala tsiku ndi tsiku, akachuluka ndi matabwa. Ukuona kuti h amakhalapo chinthu chikakhala chimodzi, akafika ma iye nkuthawa? Ndiye mayi wina akamva matebulo, lilime lake limadziwerengera lokha kuti limodzi liyenera kukhala thebulo, palibe anamuphunzitsa, ndi Chichewa chomwe chili m'magazi. Onjezerapo kuti mzungu akamatchula t wa mu table amatulutsa kampweya, khutu lathu limamva th. Mayi ake a mnyamatayo ali ndi mboni ziwiri, iwe uli ndi buku la sukulu.

Gome ndi mawu omwe amishoni anasankha pomasulira Baibulo, nchifukwa chake agogo ako analemba gome pa oda ya kutchalitchi yokha osati ya kunyumba za anthu. Mu Salimo 23 muli gome, pa mgonero timati gome la Ambuye, ndipo miyala iwiri ija ya malamulo a Mose imatchedwanso magome. Munthu sungapite kwa kalipentala nkumuuza kuti ndikhomereni gome la pabalaza loikapo TV, akuyang'ana kawiri. Linatsalira m'tchalitchi ndi pamisonkhano, paja a MC amati alendo olemekezeka a ku gome lalikulu.

NyasaKuJoni

Kkkkk amwene tafula ameneyo musamufunefune patali, agogo anabwera naye m'sutikesi momwemo pamodzi ndi sowo. Kuno a Zulu amati itafula, a Xhosa itafile, a Sotho ndi a Tswana tafole, ndipo onsewa anatengera kwa Mabunu omwe amati tafel. Phiri lija la ku Cape Town lomwe pa Chingerezi ndi Table Mountain iwo amati Tafelberg. Ine ndikugwira ntchito ndi anyamata a ku Zimbabwe, iwowa amati tafura chifukwa Chishona chilibe l, chilichonse amachipinda kukhala r. Ndiye madala athu omwe ankapita kumigodi kaya ku Salisbury, Harare ya lero, amabwera ndi mawu amenewa, kumigodi amalankhulana Fanakalo chomwe mbali yaikulu ndi Chizulu chosakaniza ndi Chingerezi ndi Chibunu, munthu zaka ziwiri zitatu ukumva tafula tafula basi likukhala pakamwa. Dzina la Wenela pa depoti pathu paja ndi chikumbutso cha ulendo womwewo, ndipo boma linaimitsa zotumiza anthu mu 1974 ndege itagwa ku Francistown nkupha anthu athu omwe ankabwerera kumudzi.

Ine ndikanakhala inu ndikanayang'ana madeti m'kopemo, ndikubetcha kuti masamba a tafula ndi oyambirira atangofika kumene, kenako makasitomala a ku Blantyre anawawongola pang'onopang'ono mpaka kufika pa tebulu.

MwanaWaKuChigwa

Achimwene, inu mukudabwa ndi tafula, ine nditabwera koyamba ku Blantyre kuchokera kwathu ku Nsanje ndinachita manyazi ndi meza. Agogo anga aakazi anakulira tsidya la Mozambique ndipo kwa iwo tebulo ndi meza basi, ine nkukula ndikudziwa choncho. Tsiku lina kwa azakhali ku Zingwangwa ndikuuza kamwana kuti kaike mbale pa meza, ana onse gwa kuseka, wina akuti timeze mbale? Kuyambira tsiku limenelo ndinaliluma lilime.

Koma ndinadzadziwa pambuyo pake kuti agogo sanali okha. Meza ndi mesa ya Chipwitikizi, ndipo Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530, zaka zoposa 300 amishoni a ku Scotland asanafike pa Blantyre mu 1876. Aswahili nawonso amati meza, funsani aliyense wopita ku Kariakoo ku Dar es Salaam kukaoda katundu. Mpaka ku Indonesia amati meja, konse komwe zombo za Apwitikizi zinkaima anasiyako tebulo lawo. A ku Spain ndi mesa yomweyo.

Ndiye kama uja mukuti agogo analemba ponseponse, ameneyo ndi cama, bedi pa Chipwitikizi, sanasinthe ngakhale pang'ono kupatula chilembo choyamba. Kama ndi wamkulu kwa bedi kuno kwathu, bedi ndi mwana wadzana. Nsapato ndi sapato, kalata ndi carta, kapitawo ndi capitão, zonsezi zinakwera ndi Zambezi ndi Shire. Ife a kuchigwa mumatiseka kalankhulidwe koma katundu wambiri wa m'nyumba mwanu anadzera kwathu kkkk.

Jah_Bangwe

Ndiye mukuti timeze pa meza kenako tikakame pa kama? Chichewa chavuta apa kkkkk. Man ingosiyani chikwangwanicho, anthu a pa Ndix akufuna tebulo losagwedera osati sipelo. Ine kalipentala wina anandikhomera tebulo mwendo umodzi waufupi mpaka lero ndimaikira kachikatoni ka sopo, koma chikwangwani chake chinali cholembedwa Chingerezi chakupsa.

Mlaliki_waMabuku

Pepani ndalowa mochedwa, magetsi anathima kuno ku Machinjiri foni inali itafa. Bambo kalipentala, pali chinthu chimodzi chomwe Aphunzitsi anachigunda koma osachitsegula, ndipo ine ndi chomwe chandisangalatsa pa nkhani yonseyi. Atchula thabwa. Mukudziwa kuti thabwa ndi tebulo ndi pachibale, mimba imodzi?

Pa Chilatini panali mawu akuti tabula, kutanthauza chinthu chafulati chopalidwa, thabwa, kaya cholembapo. Mawu amenewa anayenda njira zingapo. Kwa Apwitikizi l anagwa m'njira nkukhala tábua, kutanthauza thabwa lenilenilo, ndipo ndi lomwe linatipeza ife kudzera kuchigwa komwe akunena achemwali a ku Nsanje, ife nkuliika h wathu kutsogolo, thabwa, matabwa. Kwa Afalansa linakhala table, Angerezi nkulitenga, nkudzatipatsa ife ngati tebulo. Kwa Adatchi linakhala tafel, nkutsikira ku Cape, nkulowa m'Chizulu, agogo anu nkulinyamula ngati tafula. A ku Italy amati tavola kapena tavolo. Ndiye inu mukatenga thabwa nkukhoma tebulo lomwe agogo ankaliti tafula, mwatchula mawu amodzi katatu, kungoti lina linabwera pa bwato, lina ndi amishoni, lina pa sitima ya kumigodi. Meza yekha ndiye wa banja lina, iye kholo lake ndi mensa, lomwe linali tebulo lodyerapo la Aroma.

Ndipo taonani za gome zija. Aphunzitsi akuti gome ndi tebulo komanso miyala ya Mose. Tabula nayenso anadzakhala choncho, chodyerapo ndi cholembapo mawu amodzi, tablet yomwe ana akuseweretsa masiku ano ndi kamwana ka mawu omwewo, ngakhale matebulo a masamu omwe tinkakwapulidwa nawo ku pulayimale, thu thayimusi thu aja.

Tsono za kuti agogo samadziwa kulemba, Angerezi eni akewo anali oipirapo. Musaganize kuti table analembedwa choncho chiyambire. M'zolemba zakale za Chingerezi mumapezeka tabel, tabil, tabul, tabyl, aliyense mmene khutu lamuuzira, munthu mmodzi kulemba mitundu iwiri pa tsamba limodzi ngati agogo anu omwewo. Makina osindikizira anafika ku England ndi William Caxton mu 1476 koma ngakhale pamenepo zinatenga nthawi yaitali, mtanthauziramawu wotchuka wa Samuel Johnson anatuluka mu 1755. Iwo zinawatengera zaka mazanamazana kuti agwirizane, ife mtanthauziramawu wa David Clement Scott, yemwe uja anamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels pa HHI, ndi wa 1892 chabe, Alexander Hetherwick nkudzaukonzanso mu 1929. Ndipo amishoni oyambirirawo h ameneyu amawavuta kumumva, m'mabuku awo muli muntu ndi antu. Lero tikukangana za h wowonjezera, iwo anali ndi h wosowa.

Kabati ndiye nkhani yoseketsa kwambiri. Ndi cupboard, ndipo mukaligawa ndi cup ndi board, thabwa loikapo makapu. Poyamba sichinali chinthu cha zitseko ayi, linali tebulo kapena shelefu yoyalapo ziwiya kuti alendo aone kuti pakhomo pano pali zinthu, ndendende zomwe amayi athu amachita ndi displeyi ya pabalaza yodzaza matambula omwe sitimwera. Kale ankalemba cuppebord, pena cupbord, ndipo p atasiya kumveka pakamwa ena ankalemba cubbord mmene amatchulira. Pa pepala p anatsalabe koma pakamwa sanabwerere, mpaka lero mzungu salitchula. Ife ndi Aswahili, omwe amatinso kabati, tinalemba zomwe tinamva. Ndipo agogo anu ndi kabadi wawo anali pafupi kwambiri ndi mwini mawu kuposa ife, chifukwa kumapeto kuja kuli d osati t.

Board yemweyo musamuone chonchi, Angerezi asanazolowere table ya Afalansa, omwe anawalanda dziko mu 1066, tebulo ankalitcha bord, ndipo ku Sweden, Norway ndi Denmark mpaka lero tebulo ndi bord. Nchifukwa chake akuluakulu a kampani amatchedwa bodi, ndi anthu okhala mozungulira tebulo, sukulu ya boding'i ndi komwe umadyera patebulo la eni ake, ndipo bolodi lomwe Aphunzitsi analembapo zaka 30 ndi thabwa lomwelo. Chichewa Board yomwe inatiletsa kulemba calici nayonso ndi tebulo kkkk.

Aphunzitsi_Opuma

A Mlaliki mwandiphunzitsa ndili ndi imvi, za thabwa ndi tábua sindinaziganizepo. Koma pamodzi pokha ndikutsutseni pang'ono. Musawapatse ana chilolezo choti aliyense azilemba mmene wafunira poti Angerezi akale ankatero. Kalelo wolemba anali mmodzi owerenga khumi, lero mwana akulemba mayeso a MANEB ndipo wochonga ali ndi pepala la mayankho, akalemba tafula zake zada. Kunyumba ndi pa shedi lankhulani mmene mufunira, m'kalasi tebulo.

Chinanso chomwe ndaona pa tebulu wa agogowo. Chichewa sichilola mawu kuthera pa konsonanti, ndipo sichikonda makonsonanti ogundana ngati bl, ndiye timalowetsapo mavawelo, te-bu-lo. Koma vawelo womaliza palibe anatiuza kuti akhale uti, nchifukwa chake wina anati tebulu wina tebulo, monga mmene ena amati sukulu koma botolo, supuni koma foloko. Linapambana ndi lomwe linalowa m'mabuku. Ndipo tinkaphunzitsa kuti r amabwera pambuyo pa i ndi e, kwina konse l, ndiye chifukwa chake carta ya achemwali aja inakhala kalata ngakhale eni ake ali ndi r, pomwe Mshona akutenga l wa tafel nkumusandutsa r. Ife kuchotsa r, iwo kumuika, katundu yemweyo.

Mpando wokha ndi womwe ndimanyadira, umenewo ndi wathu, sitinabwereke kwa munthu. Mpando, mphasa, mkeka, mtondo. Zomwe makolo anali nazo zili ndi maina athu, ndipo ndalema uja anthu anangoona mmene munthu amakhalira pa mpando wotsamira atatopa nkuutcha dzina pompo.

MwanaWaKuChigwa

Aphunzitsi mpando ndi wanu inde koma agogo anga ankati kadera kkkk, cadeira ya Apwitikizi. Ife zonse tinabwereka basi.

Mlaliki_waMabuku

Achemwali kadera ameneyo musamupeputse, ndi wa banja lachifumu. Cadeira ndi chair onse kholo lawo ndi kathedra wa Chigiriki, mpando, ndipo cathedral ndi tchalitchi chomwe muli mpando wa bishopu. Limbe Cathedral ndi cathedral chifukwa cha mpando osati kukula kwa nyumba. St Michael pa HHI ngakhale ikuoneka mochititsa kaso chotere si cathedral, a CCAP alibe bishopu woti akhalepo. Aphunzitsi za mayeso ndavomera, sindikufuna mlandu ndi makolo.

Kalipentala_waNdix

Zikomo kwambiri nonse, sindimayembekezera kuti funso la penti lifika mpaka ku Roma. Achimwene a ku Joni mwawina kubetcha kuja, ndabwerera m'kope usiku ndi tochi ya foni, tafula ali m'masamba asanu ndi awiri oyambirira okha, kenako sakupezekanso, ndipo pali tsamba lina pomwe analemba tafula nkukhwatcha ndi pensulo nkulemba tebulu pamwamba pake, kaya kasitomala anawaseka kaya ndi agogo aakazi. Ndawawerengera mayi zimene mwalembazi ndipo akuti nzoona bambo awo mpaka kumwalira akakwiya ankati chotsani miyendo pa tafula, koma akakhala bwinobwino ankati tebulo. Akutinso kama wa mlombwa uja walembedwa m'kopemo mwini wake sanamalize kulipira, agogo anakamulanda, ndi yemwe mayi akugonapo mpaka lero ku Chilomoni, zingwe zokha ndi zomwe tinasintha nkuika matabwa.

Za chikwangwani ndaganiza zongochisiya kaye. Mnyamata uja anabweranso dzulo akuti andichotsera h pa theka la mtengo, ndamuuza kuti adikire mvula ithe. Komanso m'mawa uno kunabwera mayi wina wa geni ya zitumbuwa, waima nkuwerenga pakhoma mokweza, kenako akuti bambo thebulo laling'ono la paini loti ndiziikapo beseni ndi zingati. Ndamuuza mtengo, wanenerera, tagwirizana, wasiya ya matabwa, abwera Loweruka.

A Jah_Bangwe bweretsani tebulo lanulo ku shedi ndidzadule miyendo itatu inayo ifanane, kachikatoni ka sopo mukapumitse.